Chikatoni cha Mbali Ziwiri

1. Nkhuku zituluke

"Shii! Tulukani, si khola lanu lino!"

Tamanda anakoka lona mwamphamvu, nkhuku zitatu n'kuuluka kuchoka pampando wa dalaivala. Imodzi inasiya dzira. Analitola n'kukapatsa agogo ake aamuna, a Gerishon, omwe anali khale pansi pa mtengo wa manachesi, ndodo ili pakati pa miyendo.

"N'lofunda," anatero agogowo akuligudubuza m'manja. "Waona, galimoto yathu yayamba kutidyetsa isanayende n'komwe."

Galimotoyo inali kuseri kwa nyumba yawo ku Ligowe. Amene anaiyamba ndi bambo ake a Tamanda, a Binwell. Anatenga chimango cha pikiyapu yakutha, n'kuwotcherera mipando iwiri ya basi, n'kukhoma denga la malata. Matayala analipo onse anayi, chiwongolero chinalipo, ngakhale hutala. Koma kutsogolo, pamalo pa injini ndi giyabokosi, panali mpata woti mwana n'kuimiriramo. A Binwell anamwalira zaka ziwiri zapitazo asanatsekepo.

Chimene ankapangira galimotoyo aliyense pamudzipo ankachidziwa. A Gerishon anakhala zaka makumi anayi ku Dambe, kwawo kwa akazi awo, malemu a Jessie. A Jessie atamwalira, iwo anatsikira ku Ligowe kwa mwana wawo. Kuchokera apo sanabwerereko. Maso anachita ng'ala, mwendo wamanzere unauma moti panjinga yamoto sakanatha kukhalapo, ndipo eni magalimoto ankakana kamsewu kopita kumudziko chifukwa cha chitunda cha Nankhuni.

"Mwezi uno tirigu wafiira," anatero a Gerishon. "Mphepo ikamadutsa m'mundamo, amachita phokoso ngati mvula ikubwera patali. Agogo ako aakazi agona pamwamba pa munda umenewo. Ndikufuna ndikamve phokosolo kamodzi, ndigwire mwala wa pamanda ndi dzanja langa. Basi."

Tamanda anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ali Fomu 3, ndipo sipanala anaizolowera kuyambira ali wamng'ono, akupatsira bambo ake zida.

Tsiku limenelo, Lachinayi, kunabwera uthenga kuchokera ku Lisungwi. A Laimoni, mnzawo wakale wa a Gerishon, ankatseka galaja yawo. Loweruka kumabwera lole ya ogula zitsulo zakutha kudzasesa zonse. Uthengawo unati: "Gerishon atume munthu mawa, adzasankhe injini imodzi ndi giyabokosi imodzi, kwaulere. Koma asankhe bwino. Chotuluka pageti panga sichibwerera."

"Upita ndiwe, Nangondo," anatero a Gerishon. Ankamutchula ndi mfunda pokhapokha nkhani ikakhala yaikulu.

2. Choko, oyilo ndi chikatoni

A Gerishon anatumitsa zinthu zitatu: choko, kabotolo ka oyilo wakuda wotsala mu injini ya chigayo, ndi chikatoni chachikulu choyera. Atazigwiragwira, anauza Tamanda akhale pansi.

"Tchera khutu, sindibwereza. Injini ndiyo imapanga mphamvu. Giyabokosi ndiyo imagawa mphamvuyo kupita kumatayala, pang'onopang'ono pachitunda, mwachangu pachidikha. Anyamata amathamangira injini chifukwa ndiyo imalira. Iwe ukayambe ndi giyabokosi, chifukwa ndiyo imakwera phiri.

"Ukaipeza, ukaike m'giya wani. Ili ndi zitsulo ziwiri zozungulira, china kutsogolo, china kumbuyo. Chakumbuyocho ukachilembe choko. Ndiye ukazungulize chakutsogolo ndi dzanja, ukuwerenga, mpaka chizindikiro cha choko chizungulire kamodzi. Ukawerenga katatu, isiye, imeneyo ndi ya pamsewu wa tala. Ukawerenga kasanu kapena kuposa, imeneyo ikwera Nankhuni ili ndi katundu."

"Nanga injini, agogo?"

"Ndikubwera komweko, usandithamangitse. Injini ndi giyabokosi zimakumana nkhope ndi nkhope, zimamangidwa ndi mabawuti sikisi. Mabowo a mabawutiwo akapanda kuyang'anizana, palibe chomwe wachita. Ndi maso sungaone, ndipo kuzinyamula kuti uzigunditse n'zolemera. N'chifukwa chake pali chikatoni.

"Ukapake oyilo pankhope ya injini, ukadindepo chikatoni. Mabowo adzaoneka okha. Ukawaboole ndi msomali. Kenako ukapake choko pankhope ya giyabokosi, ukagunditsepo mbali inayo, yoyerayo. Ukalowetse timitengo m'mabowo. Tikalowa tonse sikisi, zimenezo ndi zako. Kakakana kamodzi, siya, funa ina.

"Tsono mawu aakulu ndi awa. Chikatonicho chili pakati, monga mmene zitsulozo zidzakhalire zikamangidwa. Oyilo mbali yake, choko mbali yake. Usachitembenuze. Ngakhale wina akuuze kuti n'chimodzimodzi, usachitembenuze. Chikatembenuzidwa chimanama, ndipo chimanama mokoma."

"Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pa Nankhuni," anayankha a Gerishon, n'kuyamba kufufuza ndodo yawo. Nkhani inathera pomwepo.

3. Ku galaja ya a Laimoni

Lachisanu kutangocha, Tamanda anakwera njinga yamoto ya msuweni wake Michael, mnyamata wa kabaza wodziwika ndi liwiro komanso pakamwa. Chikatoni anachimanga kumsana ndi chitenje.

"Wabereka mwana wa ndani, msuweni?" anafunsa Michael akuseka. "Anthu aziti ndakwatira mkazi wa makatoni."

"Ungandikwanitse iwe? Yang'ana msewu."

Anatsika mapiri, mphepo yozizira n'kutsalira kumbuyo. Pofika ku Lisungwi dzuwa linali litayamba kale kubaya.

A Laimoni anawalandira pageti. Anali nkhalamba yonenepa, ovolosi yawo yong'ambika m'mawondo. Anamuyang'anitsitsa Tamanda.

"Mphumi imeneyi ndi ya Binwell. Ali bwanji agogo ako?"

"Ali bwino, kaya inu? Akupereka moni."

"Gerishon ameneyo! Chaka china mvula itavuta, lole yanga inatitimira pakati pa mtsinje, madzi akukwera. Madalaivala onse ankangoonerera ali kumtunda. Iye analowa m'madzi ndi tcheni paphewa, madzi akulekeza muno m'khosi. Nthawi imeneyo msewu uno unali wathu. Ukamva kulira kwa injini kuseri kwa phiri, unkadziwa kuti akubwerayo ndi uje, ndiponso kuti dzulo anagona bwanji. Lero onse anapita, kwatsala ine ndi iye. Lowa, mwana wanga. Koma ine sindisankhira munthu. Gerishon watuma iwe, usankha ndiwe."

Kuseri kunali zitsulo zokhazokha, zina udzu utamera pakati. Tamanda anayamba ndi magiyabokosi monga anauzidwira. Yoyamba anawerenga katatu, n'kuisiya. Yachiwiri inakana kuzungulira. Yachitatu inali yakuda bii ndi girizi wakale. Anaika giya wani, n'kulemba choko, n'kuyamba kuzunguliza.

"Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu... ndi pang'ono!"

"Eyaa," anatero a Laimoni. "Imeneyo inali m'pikiyapu yonyamula thonje. Injini yake ndi iyo ili pansi pa mlambeyo."

Tamanda anapita kukaiona, nkhope n'kugwa. Inali kainjini ka dizilo ka masilinda folo, kadzimbiri pamwamba, mavu atamangapo chisa.

"Kamayenda?" anafunsa.

"Kamatsokomola m'mawa ngati ine, koma kakadzuka sikaima."

Nthawi yomweyo Michael anakuwa ali mu shedi. "Msuweni! Siya zinyalalazo, bwera udzaone injini!"

Anali atavundukula lona. Pansi pake panali chiinjini chachikulu cha petulo, cha masilinda sikisi, chonyezimira ngati ndiwo zamafuta. A Laimoni anati chinachoka m'galimoto ya bwana wina yomwe inagundidwa kumbuyo. Michael anawachonderera mpaka analumikiza batire. Chitalira, malata a shedi ananjenjemera, agalu n'kuthawa. Tamanda anamva kulirako m'chifuwa momwe.

A Laimoni anachizimitsa. "Ndikukaonana ndi munthu kumsika. Muziyeza, ndikupezani."

4. Timitengo tiwiri, timitengo tisanu

Chikatoni chinali chimodzi. Tamanda anaima nacho pakati pa shedi ndi mlambe.

"Ukuganizanso chiyani?" anatero Michael. "Ukufuna anthu a ku Ligowe azidzati mwana wa a Binwell wabweretsa chigayo?"

Tamanda anapaka oyilo pankhope ya chiinjini chachikulucho. Anadinda, n'kuboola mabowo sikisi. Kenako anapaka choko pagiyabokosi yake ija, n'kugunditsa mbali yoyera. Michael anathyola timitengo.

Kamodzi kanalowa. Kachiwiri kanalowa. Tinayi totsalato tinagunda chitsulo.

"Zakana," anatero Tamanda.

"Zakana bwanji? Patse kuno." Michael analanda chikatonicho, n'kuchizunguliza uku ndi uku. Kenako anachitembenuza, mbali ya oyilo n'kugunda pachoko. "Taona! Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu! Kamodzi kotsalaka tidzakuza bowo ndi tupa. Nkhani yatha."

"Agogo anati ndisatembenuze."

"Bowo ndi bowo, msuweni. Ukaliyang'ana kuno n'lozungulira, ukaliyang'ana uko n'lozungulira. Agogo anasiya kuyendetsa galimoto iwe usanabadwe. Za masiku ano akuzidziwa?"

"Koma anati..."

"Anati, anati! Malume a Binwell ankati chiyani? Sunkawamva? Ankati galimoto imeneyi ikadzalira, a ku boma adzatuluka m'maofesi kudzaona. Ndiye iwe ukaikemo kachitsulo ka mavu?"

Mawu amenewo bambo ake ankawanenadi, akuseka, nkhope ili mbuu ndi utsi wowotcherera. Tamanda anayang'ana ku mlambe. Makatoni ena akale analipo pagalajapo, akanatha kung'amba imodzi n'kukayeza kainjini kaja. Sanatero. Anatenga chikatoni m'manja mwa Michael, n'kuchipinda pakati kuti mbali yodayo ibisike.

A Laimoni atabwerera, anapeza anyamata akukweza chiinjinicho ndi giyabokosi mu lole ya a Ezekiele, yomwe inatsitsa manachesi m'mawa ndipo inkabwerera kumtunda yopanda kanthu. Anaima pageti, dzanja lili pachitseko.

"Wayeza?"

"Ndayeza."

"Zakumana?"

"Zakumana."

"Ndikufunsanso, mwana wa Binwell, chifukwa lole ikadutsa apa basi. Zakumana?"

Tamanda anayang'ana matayala a lole. "Eee, zakumana."

A Laimoni anatsegula geti.

5. Zala za agogo

Anafika ku Ligowe dzuwa litapendeka. Ana anathamangira lole, akuluakulu n'kutuluka m'nyumba. Amuna asanu ndi mmodzi anatsitsa chiinjinicho ndi mitengo, aliyense akuyamikira. Mayi ake a Tamanda, a Kettie, analulutira pang'ono, kenako n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

A Gerishon sanadzuke pampando wawo.

"Nangondo, giyabokosi unawerenga kangati?"

"Kasanu ndi pang'ono, agogo."

"Wachita bwino. Tsono ndipatse chikatoni."

"Agogo, bwerani mudzagwire injini kaye," anatero Michael. "Masilinda sikisi! Ikalira..."

"Sindinafunse iwe. Chikatoni."

Tamanda anachipereka. A Gerishon anachitambasula pamiyendo. Anayendetsa zala mbali imodzi: munali fumbi la choko, louma. Anachitembenuza. Zala zinaterereka pa oyilo, kenako zinaima. Anatikita chala chachikulu ndi chamkombaphala, pang'onopang'ono. Mu oyilomo munali phala la choko.

Anthu amene ankayamikira aja anayamba kuyang'anana.

"Zigunditseni," anatero a Gerishon. "Mwana aone ndi maso ake."

Anamanga tcheni panthambi ya mango, n'kukweza giyabokosi mpaka inayang'anizana ndi injini. Tamanda anatenga mabawuti a bambo ake m'chitini. Loyamba linalowa. Lachiwiri linalowa movutikira. Lachitatu linagunda chitsulo. Anayesa lachinayi, lachisanu, lachisanu ndi chimodzi, osatheka. Ngakhale chotupa chomwe sitata yolizira injini imalowamo chinali kumanja, pomwe sitata ya injiniyo inali kumanzere.

Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira ntchito yake.

"Si nkhani yaikulu imeneyi," anatero Michael, mawu atatsika. "Ku boma kuli mnyamata wa makina oboolera. Tidula chitsulo chafulati, tiika pakati, tiboola mabowo atsopano. Anthu amatero."

"Amaterodi," anayankha a Gerishon. "Ine ndinatero. Khalani pansi nonse awiri."

6. Zimene zinachitika pa Nankhuni

"Munali mu 1986. Ndinali ndi pikiyapu yanga, yoyamba m'mudzi monse, ndikunyamula kachewere kuchoka ku Dambe. Injini yake itafa, ndinapeza ina yaikulu, yokongola ngati iyi. Makaniko wachikulire amene anandiphunzitsa ntchito anandipatsa chikatoni. Ndinayeza, zinakana. Ndinatembenuza, zinalola. Panalibe Michael wondinyengerera, ndinatembenuza ndekha ndi manja awa.

"Nditafika nazo kunyumba, zinakana ngati zakaniramu. Kubwerera ndinachita manyazi. Ndinadula chitsulo, n'kuboola mabowo anga. Kunja zinkaoneka zogwirana bwino. Koma m'kati, chitsulo chozungulira cha injini ndi cha giyabokosi sizinali pamzere umodzi. Zinasemphana pang'ono, ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Komanso giyabokosiyo inapangidwira injini yaing'ono, ine n'kuipatsa mphamvu yoposa msinkhu wake.

"Miyezi itatu ndinali mfumu ya msewu. Ndikaponda mafuta, akazi ankasiya makasu m'minda n'kumaloza. Koma ndikasintha giya ndinkamva kakulira kachilendo pansi pa mpando, ngii, ngii. Ndinkakweza wailesi.

"Tsiku lina ndinabwerera kumsika ndi matumba makumi awiri a kachewere amene sanagulidwe. Agogo ako aakazi anali pambali panga, atanyamula bambo ako, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Titafika pakati pa Nankhuni, pokhota paja, ndinamva phokoso ngati chimanga chikuthetheka m'chiwaya. Mano a magiya anali akuthyoka. Injini inkalira bwinobwino, koma matayala sankalandiranso kanthu. Tinayamba kubwerera chammbuyo.

"Ndinaponda mabuleki, koma katundu anali wolemera. Ndinakuwa kuti, 'Jessie, dumpha!' Anatsegula chitseko, n'kukumbatira mwana, n'kudziponya m'munda wa tirigu. Ine ndinakhotetsera galimoto kukhoma la dothi la m'mbali mwa msewu. Inagunda, n'kugwa chammbali, mwendo uwu uli pansi."

Anamenya bondo lawo lamanzere ndi chikhatho.

"Kachewere anagubuduka mpaka kumtsinje. Mudzi wonse unadya mbatata mwezi wathunthu, ndipo ana ankandiitana kuti a Kachewere mpaka ndinamera imvi."

Michael anafuna kuseka, koma anaona kuti a Kettie agwira pakamwa. Nkhani imeneyi nawonso anali asanaimvepo yonse.

"Agogo aakazi anakukalipirani?" anafunsa Tamanda motsitsa mawu.

"Akanakalipa zikanakhala bwino. Anabwera kuchipatala ndi phala, n'kukhala pambali pa bedi. Anandifunsa funso limodzi: 'Bambo a Binwell, kodi munkadziwa?' Ndinati, 'Ndinkadziwa.' Sanabwerezenso mpaka tsiku lomwalira.

"Mwendo utapola ndinayendetsanso magalimoto ena zaka zambiri, abwinobwino, oyezedwa. Jessie ankakwera nane kulikonse. Koma tikafika patsinde pa Nankhuni ankati, 'Imani.' Ankatsika, n'kukwera chitundacho wapansi, mvula kaya dzuwa, katundu ali pamutu. Ine ndinkamudikira pamwamba, injini ikulira, ndikumuona akubwera pang'onopang'ono. Zaka makumi awiri, Nangondo. Palibe tsiku limene anakwera chitunda chimenecho ali pambali panga."

Anapinda chikatoni chija n'kuchiika pansi.

"Tsono mukufuna mundikweze chitunda chomwecho, kupita kumanda kwake, ndi mabowo oboola ku boma? Bola nkhuku zipitirize kuikira."

7. Chikatoni china

Tamanda anagwada pafupi ndi mpando wa agogo ake.

"Agogo, musamunene Michael yekha. Ndinkadziwa. A Laimoni anandifunsa katatu, katatu konse ndinanama. Injini yake ya giyabokosiyi ilipo, ili pansi pa mlambe. Sindinaiyeze n'komwe chifukwa ndi yonyansa."

"Ya dizilo? Masilinda folo?"

"Eee."

"Imatsokomola m'mawa?"

"Anatero a Laimoni."

A Gerishon anapukusa mutu, akumwetulira pang'ono. "Ndikuidziwa. Inkanyamula thonje. Ndinkaimva ikadali kutsidya kwa mtsinje."

Tamanda anaimirira, n'kutambasula dzanja kwa Michael. "Imbira a Laimoni."

"Msuweni, unamva wekha. Chotuluka pageti..."

"Imba."

Michael anaimba, n'kuika foni poti onse amve. Anayamba kufotokoza mozungulira, za sitata, za mabawuti akale, koma a Laimoni anamudula.

"Iwe wa njinga, khala chete. Ndinaona pageti pomwe kuti mtsikanayo akuyang'ana matayala m'malo moyang'ana ine. Lole ya zitsulo yafika kale, ili panja pano. Ayamba kupakira mawa seveni koloko, ndipo ati ayambira ku mlambe chifukwa ndi kufupi ndi geti. Mawu anga ndinanena, chotuluka sichibwerera. Koma ngati mwana wa Binwell ali ndi zoti andiuze, asandiuze pafoni. Abwere aime pamene anaima, andiyang'ane m'maso. Zinazo ndikaona nditamumva."

Foni inaduka.

A Kettie sanataye nthawi. Anatuma Michael kuti athamangire kwa a Ezekiele, akawapemphe kuti lole ya manachesi ikamatsika mbandakucha idzere pakhomopo, inyamulenso chiinjinicho. Michael anakwera njinga yake nthawi yomweyo. Kenako mayiwo analowa m'nyumba, n'kukhuthulira zovala pamphasa, n'kutuluka ndi katoni yomwe munkakhala malaya a malemu amuna awo. Anaing'amba mbali imodzi ndi mpeni.

"Ina ndilibe," anatero akupatsa mwana wawo. "Usaiwononge."

Tamanda anapereka chikatonicho kwa agogo ake. Iwo anachisisita mbali zonse ziwiri. Chinali choyera, chouma.

"Akakana a Laimoni, nditani?" anafunsa Tamanda.

"Akakana, wakana, ubwereko. Ku Dambe sindipita, ndipo sindidzakunena. Laimoni ndi wouma mutu kuyambira kale, sindingakulonjeze kanthu. Koma ukafike lole isanayambe kupakira, ndipo ukanene zonse monga wanenera pano, osachotsa, osakometsa. Akakulola kufika pa mlambe, usakatenge kainjiniko chifukwa choti ine ndakatchula. Ukakayeze. Timitengo sikisi, osati tisanu."

Anamubwezera chikatonicho, koma sanachisiye msanga. Anachigwira mbali imodzi, Tamanda atagwira inayo.

"Ine ndinabisa miyezi itatu, ndipo amene analipira ndi agogo ako, ndi miyendo yawo, zaka makumi awiri. Iwe wabisa tsiku limodzi. Ndikukupempha, Nangondo, ukachite bwino kuposa ine. Ndikufuna tikadzafika patsinde pa Nankhuni, pasadzapezeke wonena kuti, 'Imani, nditsike.'"